Dzanja lothira mchere

Chibenthu cha konkire chinagwa m'mawa wina mu Febuluwale 2024, masiku omwe aja madzi anasefukira ku Dwangwa. Kukula kwake ngati mbale ya nsima. Chinaphonya pang'onong'ono phazi la mdzukulu wa alamu anga, yemwe analowa m'kanyumba ka usipa kukatenga tsache. Alamu atandiimbira foni ndinapalasa njinga mpaka kugombe, ndinagwada pansi pa shelefu n'kuyang'ana m'mwamba. Pamene panachoka chibenthupo panali zitsulo zitatu zili pamtetete, zofiira ngati katondo, zotupa, zikusendeka ngati mamba a chambo. Ndinapala chimodzi ndi mpeni womangira. Chitsulo cha Y12, chimene ndinachigula chili chonenepa ngati chala changa, chinali chitatsala ngati msomali.

Shelefuyo ndinaumba ndine, mu 2009. Achimwene anga aakulu anali atangotisiya kumene, ndipo alamu anaganiza zoyamba geni ya usipa wofutsa kuti ana asalekeze sukulu. Amene sanakhaleko kunyanja kuno mwina saidziwa ntchito imeneyi. Mbandakucha, mabwato a chilimira akamakocheza, mayi amakhala ali kale pamchenga ndi mabeseni ake. Usipa uja amauviika kanthawi kochepa m'madzi otentha a mchere, mu mgolo wodula pakati, n'kukauyanika pathandala. Ukauma umakwera galimoto m'matumba kupita ku Kasungu ndi ku Lilongwe. Mchere umalowa wambiri, ndipo matumba a mchere sagwirizana ndi pansi. Ndiye ndinawamangira kanyumba ka njerwa zootcha, mkati mwake n'kuumbamo shelefu ya konkire yofika m'chiuno, kuti pamwamba pazikhala mchere, kunsi kuzikhala nkhuni ndi mabeseni. Sindinawalipiritse ndi tambala yomwe.

Nditadzuka, ndinasasa fumbi m'mawondo, ndipo mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwanga anali akuti, "Alamu, mchere wanuwu ndi umene wadya shelefu."

Anandiyang'ana, manja ali m'chiuno. "Ndamva, alamu. Ndiye usipawu ndiziufutsa ndi shuga wa ku Dwangwa?"

Tinaseka tonse awiri. Koma popalasa njinga kubwerera kunyumba, mawu anga aja anayamba kundiwawa m'kamwa.

Usiku womwewo ndinatumiza chithunzi cha zitsulozo pa WhatsApp kwa mwana wa mlongo wanga. Iyeyu anaphunzira zomangamanga ku Polytechnic ku Blantyre, isanakhale MUBAS, ndipo pano ali ku England kumene amayendera milatho. Anayankha nthawi yomweyo: "Malume, imeneyitu ndiyo ntchito imene ndimadyera kuno." Tinacheza mpaka foni yanga inathima.

Kumeneko, m'miyezi yozizira, madzi a pamsewu amaundana usiku n'kukhala ngati galasi. Dalaivala akaponda buleki galimoto imangotsetsereka yokha, n'kukaima pomwe yafuna. Ife kuzizira timakudziwa ndi mwera wa mu Juni, kapena chisanu chimene chimawaula masamba ku Dedza ndi ku Nyika, koma msewu wa M5 sunaundanepo chikhalire. Tsono kumeneko kukamada amatuluka malole owaza mchere m'misewu. Madzi a mchere saundana pa 0 digiri monga madzi wamba, ndipo mchere womwewu wa m'ndiwo umagwirabe ntchito bwino kuzizira kukafika cha m'ma -9. Ku America anayamba kuyesa zimenezi ku New Hampshire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo lero dziko limenelo limawaza matani oposa 15 miliyoni chaka chilichonse. Ndinatenga pensulo n'kuwerengera m'matumba a makilogalamu 50 ngati a alamu: matumba 300 miliyoni, otayidwa dala pansi. Ndipo palibe amene angawatche opusa, chifukwa mcherewo ndi umene umachititsa kuti ambulansi ifike kuchipatala, ana afike kusukulu, bambo amene wagwira ntchito usiku afike pakhomo pake ali wamoyo.

Dzuwa likatuluka, madzi a mchere aja ayenera kupita kwinakwake. Pamlatho amalowa m'ming'alu ndi m'malo olumikizira, amatsetserekera m'zipilala, matayala amawawazira m'makoma. Amapitanso ndi magalimoto mpaka m'nyumba zosanjikiza zoimikamo magalimoto, n'kumadonthera pansi pake.

Ndamanga zaka zoposa makumi atatu, koma chimene chimachitika mkati mwa konkire ndinachimva bwino usiku umenewo. Konkire ndi chitsulo ndi banja. Konkire imapirira kulemera koiphinja koma ikakokedwa imathyoka. Chitsulo chimapirira kukokedwa koma chimaopa madzi ndi mpweya. Wina amabisa kufooka kwa mnzake. Simenti ili ndi ukali wofanana ndi wa chidulo chophikira therere, ukali womwe uja umasupula manja a mnyamata wosakaniza konkire wopanda magolovesi. Pa muyeso wa pH umafika cha pa 13. Ukali umenewu umameretsa kakhungu kopyapyala, kosaoneka ndi maso, kuzungulira chitsulo, ndipo kakhungu kameneka kakakhalapo dzimbiri silipeza polowera. N'chifukwa chake mukagumula konkire yabwino ya zaka makumi asanu mumapeza chitsulo chili chotuwa ngati chagulidwa dzulo.

Mu mchere muli chinthu chotchedwa chloride. Chimayenda ndi chinyezi m'tinjira tating'onoting'ono ta mu konkire, mamilimita ochepa pa chaka, osafulumira. Chikadzikundika pachitsulo kufika pafupifupi 0.4 peresenti ya kulemera kwa simenti, kakhungu kaja kamabooka. Kunena mwa ife amisiri, ndi kapu imodzi ya mchere pa thumba lathunthu la simenti. Chitsulo chimayamba kudyeka kadzenje pamalo amodzi, ndipo choopsa n'chakuti chloride uja satha nawo: akadya apa amamasuka n'kudyanso. Dzimbiri lobadwalo limafuna malo aakulu kuposa chitsulo chimene lachokerako, kawiri mpaka kasanu ndi kamodzi. Malo mulibe. Ndiye limakankha. Kunja kumayamba kamzere kofiirira, kenako mng'alu wotsata chitsulo, kenako chibenthu pansi. Kumaiko ozizira kuli chinanso chowonjezera, poti madzi akaundana amatupa, ndipo mchere umathandiza kuti pamwamba pa konkire pazisendeka.

Ndinaganizira mwambi wa chikomekome cha mkuyu, koma sukwanira. Nyerere za mu nkhuyu ndi alendo, zinachita kulowa. Chimene chinang'amba shelefu yanga ndi chitsulo chomwe ndinaikamo kuti shelefuyo ilimbe. Mphamvu yake yomwe ndiyo inatembenuka.

Mwana wa mlongo wangayo anandiuza za mlatho wodutsa pamwamba pa misewu ku Hammersmith, ku London, umene unatsegulidwa mu 1961. Omanga anaikamo mawaya a magetsi otenthetsa msewu kuti madzi asaundane. Patapita nthawi magetsi aja analekeka, anthu n'kuyamba kuwaza mchere monga pamisewu ina yonse. Mu Disembala 2011 mlathowo unatsekedwa mwadzidzidzi atapeza kuti zingwe zachitsulo zimene zimaugwira mkati zadyeka, zina zitadukiratu. Zaka makumi asanu, ndipo tsiku lililonse limene anawaza, wowaza mchere ankapita kunyumba atagwira ntchito yabwino.

Apa ndi pamene ndinasowa tulo. Munthu amene wapulumutsa moyo usiku uno ndi chinthu chomwe chidzagwetse mlatho adzukulu ake akudutsapo, wachimwa kapena sanachimwe? Ndipo ngati sanachimwe, mlandu wa chibenthucho ndi wa yani?

Funso limeneli si lachilendo kwa Mchewa. Ndili mwana, masiku ena amayi ankandiitana ndili pakati pa masewera: "Iwe, tabwera udzandithirire mchere m'ndiwomu." Ndinkathamanga monyadira, ndikuyesa kuti aona kuti dzanja langa limakometsa ndiwo. Ndinadzadziwa nditakula kuti anali kumwezi. Mwa makolo athu munthu amakhala wotentha kapena wozizira. Khanda, wodwala, namwali amene ali m'tsimba, amenewa ndi ozizira, ndipo wotentha akathira mchere m'ndiwo iwo n'kudya, amadulidwa. Ndiwo mdulo, ena amati tsempho. Munthu amayamba kutsokomola, kuwonda, kutupa masaya ndi mapazi. Pomwe ndinagwada pansi pa shelefu paja, ndikuona zitsulo zotupa, mawu amene anandifikira m'mutu ndi omwewo: zadulidwa.

A zaumoyo anatiuza kalekale kuti ana ambiri amene ankati adulidwa chinkawavuta ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi, ndipo akuluakulu ena chinali chifuwa chachikulu. Sinditsutsa. Ndinaonapo ndi maso anga mwana wotupa akubwerera m'chimake ndi likuni phala ndi chiponde. Koma sindifulumira kuwaseka makolo. Iwo sankati mchere ndi woipa, poti tsiku lililonse ankaudya. Ankati mchere ndi mtengatenga, umasenza za munthu wina n'kukazitula mwa munthu wina, mwakachetechete, ndipo chimene chalowa lero chimadzaonekera mwezi wina, onse ataiwala. Injiniya wa ku England sananene zosiyana kwenikweni. Pamene anaphonya makolo ndi pofufuza wolakwa. Inde, bambo woyenda njira zamseri mkazi ali ndi pakati ankazengedwanso mlandu. Koma nkhani ikakhala ya mchere weniweni, funso linkakhala limodzi: anathira ndani? Funso limenelo limathera pamphika, ndipo pamphika pamakhala mzimayi. Ndi zimene ndinachita kwa alamu anga m'mawa uja. Ndinaona kutupa, n'kufunafuna dzanja limene linagwira mchere.

Ine ndine wa Anglican, wa ku All Saints kwathu kuno, komwe kunagona Bishopu Chauncy Maples atamira panyanja mu 1895. Maulaliki a mchere ndamva osawerengeka, ambiri ochokera pa Mateyu 5, pamene Ambuye amafanizira ophunzira awo ndi mchere. Mlaliki amati mchere umakometsa, mchere umaletsa kuwola, pitani mukakhale otero. Kwa anthu ofutsa usipa phunziro limeneli silifuna kutanthauzira. Koma Baibulo lenilenilo silili ndi mtima umodzi pa mchere. Pa 2 Mafumu 2 Elisa athira mchere pa kasupe wa ku Yeriko madzi n'kukhala abwino. Pa Oweruza 9 Abimeleki agumula mzinda wa Sekemu n'kuwazapo mchere kuti ukhale bwinja. Mchere womwewo, m'buku lomwelo. Sindikumbuka mlaliki amene anatiuza kuti ukakhala mchere uziyang'ananso chimene ukudya mwa anthu amene ukuwasunga. Ndikudziwa khomo lina kumene bambo anawaza ana ake malangizo ndi mkwapulo m'mawa ndi madzulo kuti asaterereke. Sanaterereke ndithu, onse anaphunzira, onse ali pantchito. Koma Khirisimasi ikafika palibe amene amabwera.

Nkhani imene inandigwira kwambiri ndi ya ku Laval, pafupi ndi Montreal ku Canada. Pa 30 Seputembala 2006 mlatho wa de la Concorde unagwera magalimoto odutsa pansi pake, anthu asanu n'kufa. Boma la Quebec linakhazikitsa komiti yofufuza, wapampando wake Pierre Marc Johnson. Mchere unalimo mu nkhaniyo: konkire ya mlathowo inali yosalimba mokwanira kupirira mchere ndi kuundana kwa madzi. Koma anapezanso kuti mapulani ake anali ndi chilema, kuti pomanga cha m'ma 1970 zitsulo zina sizinaikidwe pamalo pamene mapulani ananena, ndiponso kuti kukonza ndi kuyendera kwa m'zaka zotsatira kunali koperewera. Komitiyo inakana kuloza chala munthu mmodzi kapena bungwe limodzi. Inaona mndandanda wa manja, lililonse litasiyapo kake.

Nditamva zoti zitsulo sizinali pamalo pake, ndinakhala chete pa foni mpaka mnyamatayo anafunsa ngati netiweki yathawa.

Tsiku limene tinathira shelefu ija linali Loweruka, mwera ukuwomba, dzuwa litapendeka. Zitsulo za mu silabu siziyenera kukhudza matabwa a pansi. Timazikweza ndi timiyala ta simenti toumbiratu, kuti konkire ilowe kunsi kwake n'kuzikuta. Pamalo a chinyezi ndi mchere mpata umenewu uyenera kukhala mamilimita 40 kapena 50, zala ziwiri ndi theka za munthu wamkulu. Ine timiyala ndinaumba tochepa. Tili mkati mothira, mnyamata wondithandiza anaponda pazitsulo pofuna kulandira ndowa, ndipo zitatu zapakati zinagona pathabwa. Ndinaona. Kuti ndizikweze ndinayenera kufukula konkire imene tinali titathira kale, ndipo mdima unali pafupi. Ndinayang'ana kumbali. Yotsala mu wilibala inali itayamba kugwira, ndiye ndinati, "Onjezera madzi iziyenda." Madzi owonjezera otere akauma amasiya tinjira m'konkire monse, ndipo zimenezo ndinkazidziwa ngakhale nthawi imeneyo. Tsiku lochotsa matabwa, kunsi kwa shelefu kunkaoneka mizere itatu, mithunzi ya zitsulo. Ndinapakapo pulasitala. Mmisiri aliyense amene akuwerenga pano akudziwa zimene pulasitala imabisa.

Zotsalazo anachita mchere. Nyengo ya dzinja matumba a mchere amakoka chinyezi n'kumatuluka thukuta. Madzi ake ankayenderera pamwamba, kutsikira m'mphepete, n'kukwawa kunsi kwa shelefu, kumene anapeza chitsulo chitafunda pulasitala yokha. Zaka khumi ndi zisanu.

Ndinakafotokoza zonsezi kwa mnzanga wina wachisilamu amene tinakulira limodzi, tinkawedza limodzi tili ana, ndipo masiku ano timatha madzulo pabawo pansi pa mtengo wa mango. Kuno ku Nkhotakota kuyambira nthawi ya a Jumbe mzikiti ndi tchalitchi zakhala moyandikana, ndipo mafunso otere timabwerekana. Poyamba ananditonthoza. Anati kwa iwo Mulungu amaweruza ntchito poyang'ana niya, cholinga cha mumtima. Wowaza mchere ku London niya yake ndi yopulumutsa. Alamu niya yawo inali yophunzitsa ana amasiye. Ine niya yanga inali yothandiza mkazi wa mbale wanga ulere. Onse atatu oyera.

Ndinamuuza kuti chitsulo sichidziwa niya. Chibenthu chija chikanagwera mutu wa mwana, niya yanga yabwino ikanapita nafe kumanda.

Anatakata nkhomo zake pabawo kwa nthawi, kenako anati, "Achimwene, mwina mwandimva theka. Niya si nkhani imene munthu amadzikambira pambuyo pake. Pamene munaona zitsulo zagona pathabwa n'kuyang'ana kumbali, imeneyonso inali niya. Munali ndi ziwiri tsiku limenelo, ya m'mawa ndi ya madzulo."

Anandidya masewero amenewo, ndipo ndinalibe choyankha. M'tchalitchi mwathu timavomereza machimo a zimene tachita ndi a zimene tasiya kuchita, ndipo ndanena mawu amenewo Lamulungu lililonse kuyambira ndili m'kalasi ya chitsimikizo. Koma m'mutu mwanga zosiya kuchitazo zinkakhala zazikuluzikulu, kusazonda wodwala, kusapita kumaliro. Sindinaganizepo kuti tchimo likhoza kukhala mamilimita 40.

Komabe sindifuna kusenza mlandu wonse ndekha ngati kuti kutero ndiko kudzichepetsa, chifukwa nakonso n'kunama. Konkire yabwino, yokuta chitsulo mokwanira, imachedwetsa mchere; siiuletsa mpaka kalekale. Shelefu yomangidwa bwino mwina ikanatha zaka makumi anayi m'malo mwa khumi ndi zisanu, koma tsiku lake likanafika. Akuluakulu a misewu kumaiko ozizira anadziwa kuyambira zaka za m'ma 1970 kuti mchere ukudya milatho, ndipo mpaka lero akuwaza. Ndikanakhala ine pampando wawo ndikanawazanso. Amene angafe usiku uno ali ndi nkhope ndi dzina, pamene amene adzadutse pamlatho zaka makumi atatu zikubwerazo mwina sanabadwe n'komwe. Palibe angasiye mwana ali m'madzi poopa kuti bwato lidzawola.

Chimene ndaona n'chakuti zabwino zambiri zimene timachita ndi ngongole. Timakongola kwa mawa kuti lero lipulumuke, ndipo kukongola si tchimo. Mlandu umayamba pamene wokongola wadzitcha wopereka mphatso, n'kuchoka osadzabweranso. Mwana wa mlongo wanga akuti kumene amasamala, milatho amaiyala nsalu yoletsa madzi pansi pa phula, amakonza ngalande zake, ena amaitsuka ndi madzi abwino nyengo yozizira ikatha, ndipo anthu ngati iyeyo amabwera pa nthawi yake kudzaboola konkire n'kuyeza kuti mchere wafika pati. Amenewa ndi anthu ovomera kuti ali ndi ngongole. Ine ndinamanga ulere, n'kulandira zikomo, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndinalowa m'kanyumba kaja kambirimbiri kukatenga usipa wa ndiwo, osawerama ngakhale kamodzi kuyang'ana kunsi kwa shelefu. Ndikuganiza tsopano kuti ndinkadziwa chifukwa chake sindinkawerama.

Maganizo anga oyamba anali oti ndipale dzimbiri, ndiphomepo matope a simenti olimba, nkhani ithe. Mwana wa mlongo wanga uja anandiletsa. "Malume, mukatero mwaipitsa." Akuti chigamba chatsopano chimakhala chaukali, chopanda mchere, ndipo chitsulo cha m'kati mwake chimapuma. Koma chitsulo chomwecho chimapitirira kulowa mu konkire yakale ya mchere, ndipo kusiyana kwa mbali ziwirizi kumayendetsa timagetsi tochepa m'chitsulomo, ngati batire. Dzimbiri limasamukira m'mphepete mwa chigamba n'kuyamba kudya mwaliwiro kuposa kale. Pakapita zaka zochepa mumapeza chigamba chili bwinobwino, mozungulira monse mwang'ambika. Kukonza koona n'kugumula mpaka kuseri kwa chitsulo, kupitirira pamene paonekera vuto, kuchotsa konkire imene ikuonekabe yabwino koma yamwa mchere.

Kulapa kwa mtundu woyambawo ndimakudziwa bwino. Ndi kuja munthu amapepesa pa chimene chaonekera chokha, pa chibenthu chimene chagwa, ndipo kupepesako kumakhala kosalala, kokongola, mwini wake n'kumva kupepukidwa. Amene ali pafupi ndiwo amayamba kung'ambika.

Mwana wa mlongo wanga anandiuzanso za njira ina. Amamangirira kachidutswa ka zinki kuchitsulo n'kukakwirira m'chigamba, ndipo zinki ndi imene imadyeka m'malo mwa chitsulo. Akatswiri enieniwo amakatcha dzina lotanthauza nsembe. Mkhristu aliyense akamva zimenezi ulaliki umabwera wokha pakamwa, ndipo nanenso unandibwerera. Ndinaumeza. Zinki imatha, pakapita zaka pamafunika ina, ndipo mchere uja umakhala ulimobe. Komanso ndinaona kuti mtima wanga unathamangira fanizolo chifukwa linkandichotsera tchizulo m'manja.

Shelefu tinaigumula yonse. Ndisanayambe ndinakhala pansi ndi alamu pathandala, n'kuwauza za Loweruka lija, za zitsulo zitatu ndi ndowa ya madzi. Ndinawauza kuti mawu anga a m'mawa uja ndinawalakwira. Anamvetsera akusankha usipa, osatukula mutu.

"Mizere ija ndinaiona, alamu," anatero. "Tsiku lomwe munkachotsa matabwa. Ndinati kaya ndi mmene zimakhalira. Nanga munthu wakumangira ulere ungamufunse?"

Pamenepo ndinazindikira kuti ulere wanga unawatseka pakamwa. Akanakhala kuti anandilipira akanandibweza kuti ndikonze, ndipo ndikanakonza.

Yatsopano ndaumba ndi timiyala tokwanira, konkire youma yofuna kutsendera ndi chitsulo mpaka mkono kuwawa, ndipo ndinaithirira madzi sabata yathunthu itafundidwa ndi masaka. Pamwamba taikapo pepala lapulasitiki lokhuthala ndi matabwa, kuti matumba asakhudze konkire. Alamu anakakamira kundilipira, ndipo ndinalandira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinatengera kwa mnyamata wa ku England chosafuna makina. Akuti ngakhale kumeneko, ndi zipangizo zawo zonse, amayendabe ndi hamala n'kumagogoda. Konkire yamoyo imalira ngwee. Imene yalekana ndi chitsulo mkati imalira phuu, ngati chikho chong'aluka, ngakhale kunja ikuoneka yosalala. Ndinalemba m'kope ntchito zanga zakale zimene ndikuzikumbukira: masilabu a zimbudzi, malintala, thanki ya madzi, khonde la golosale ina yomwe mwini wake amasungirako matumba a feteleza. Nyanja yathu ilibe mchere, ndipo zambiri mwa zimenezi sizidzaona thumba la mchere, koma mpweya wokhawu nawo umachepetsa ukali wa simenti pang'onopang'ono kuchokera kunja, ndipo pomwe chitsulo chili pafupi umachipeza. Ndayendera zisanu ndi ziwiri. Eni ake amadabwa kuona mdala wafika ndi hamala osaitanidwa, ndipo mayi wina anandifunsa ngati ndinakwiriramo ndalama. Zisanu zalira ngwee. Ziwiri ndauza eni ake kuti ndidzabwera mvula ikatha.

Yatsala thanki ija, tsidya la mlatho wa Chia. Imeneyonso tinathira madzulo, ndipo mnyamata wondithandiza anali yemwe uja.